Fosholo ya a Chingwe

Pamalo paja aliyense ankangowatchula kuti a Chingwe, chifukwa m'thumba la ovolosi yawo simunkasowa mpukutu wa chingwe chothimbirira ndi dothi. Anali mkulu wosamalira pabwalo la nyumba yaikulu. Make Kadoti, amene ankachita lendi kanyumba ka kuseri, ankawaona m'mawa uliwonse pawindo akamatsuka mbale.

Make Kadoti anali wamng'ono ndithu, mwana woyamba ali m'manja, mwamuna wake woyendetsa lole wobwera mwa apo ndi apo, amayi ake ali kutali. Choncho chilichonse ankachiopa: ndowa ya madzi yosavundikira, waya wa ayironi, galu wa aneba, ngakhale batani logwa pansi. Mwana akangoti zii, mtima unkathamanga miyendo isanadzuke.

Dzina loti Kadoti anamupatsa ndi a Chingwe omwewo, atamupeza akunyambita dothi la m'maluwa. Kuyambira pamenepo mwanayo anawakakamira. Akangomva wilibala ikulira, ankatuluka chothamanga, miyendo ili tang'a, akukuwa kuti, "Gogo! Gogo!"

"Wabwera mkazi wanga," ankatero a Chingwe. "Wandiphikira chiyani lero? Dothi lomwe lija?"

Ntchito ya kapinga anaiyamba ali mnyamata pabwalo la sukulu ina, kenako anakagwira kuhotela, kenako m'nyumba za anthu. Akazi awo anamwalira kale. Ankalera adzukulu awiri amasiye, ndipo pabwalo pano ndi pamene pankachokera chakudya chawo. Kutchetcha sankakuwerengera kwenikweni. Chimene ankanyadira chinali kudula m'mphepete, pamene kapinga amakumana ndi maluwa kapena kanjira ka njerwa.

"Kutchetcha ngakhale mbuzi imatha, mayi," anamuuza tsiku lina make Kadoti akuyanika matewera. "Koma kapinga ndi wakuba. Ukangomulekerera, walowa m'maluwa, wakwawira panjira. Amafunika kumuuza kuti malire ako ndi awa."

Ankayamba ndi kuthirira madzulo kuti dothi lifewe. M'mawa ankakhoma chikhomo uku, china uko, n'kukoka chingwe mpaka chili gwa. Pamalo okhota ankagoneka payipi ya madzi kuti iwasonyeze njira. Ndiyeno ankatenga fosholo yawo. Inali fosholo yakale imene anakaidulitsa kwa owotcherera zitsulo kuti kukamwa kwake kukhale kowongoka, ndipo ankainola ndi tupa mpaka inkang'anima ngati mpeni wa m'butchala. Ankaiimika pambali pa chingwe, kuiponda ndi phazi, kuipendeketsa pang'ono, chibuma n'kutuluka. Zibumazo ankazikutumula dothi asanaziponye m'wilibala. Kotsalako kanali kangalande kakang'ono kowongoka ngati kajambulidwa ndi rula. Timaudzu totsalira ankatimaliza ndi sizasi yaikulu, atagwada.

Koma munthu wamantha amaona zimene ena saona. Make Kadoti anazindikira kuti a Chingwe akayamba kudula amavula nsapato, ndipo chala chachikulu cha kuphazi n'chimene chimatsata chingwe, nkhope ili m'mwamba. Tupa ikagwa m'udzu ankaipapasa ndi manja. Munthu akalowa pageti, ankadikira kuti ayambe walankhula, kenako n'kumupatsa moni womutchula. Tsiku lina atawapatsira madzi akumwa anawayang'ana bwinobwino. Maso awo anali atayera pakati ngati madzi a sopo. Ng'ala. Agogo ake aakazi anali nayo yomweyo.

Sanauze munthu. Amayi a nyumba yaikulu anali osachedwa kuchotsa wantchito. Wochapa zovala anapita chifukwa cha bulauzi imodzi yopsa. Make Kadoti ankangoti akamva tupa ikukwecha, n'kumubereka mwana kumsana, olo alire chotani.

Tsiku lina mkaka unasefukira pamoto. Make Kadoti anamutsitsa mwana kuti apukute, n'kutsuka poto, ndipo atacheuka anapeza chitseko chili pululu.

Anathamangira kubwalo. Kadoti anali atazula chikhomo cha kumapeto n'kukachizika yekha pakati pa kapinga, mmene ankaonera agogo ake akuchitira. Anali atakhala pansi pomwepo, akuchikanikiza ndi timanja tonse tiwiri, ali phee ndi ntchito yake. Chingwe chinali chikadali chokoka. A Chingwe ankachitsata mokhulupirika, akuimba chapansipansi, fosholo ikudya kapinga mopingasa, kusiya maluwa kutali. Anali atafika pafupi moti mthunzi wawo unamuphimba mwanayo. Anadzutsa fosholo.

Make Kadoti anafuna kuwaitana dzina. Chimene chinatuluka chinali mkuwo chabe. Fosholo inaima m'malere, ndipo iye anamuhwatula mwana n'kugwa naye chagada paudzu. Anamuwerenga tizala, kubwerezanso, kubwerezanso. Tonse tinalipo. Kadoti anayamba kulira chifukwa cholandidwa chikhomo chake.

"Ndani?" anafunsa a Chingwe, akutembenuza mutu uku ndi uku. "Kwagwanji?"

"Mwana, agogo. Anali apa. Apa penipeni, pamene mumati muponde."

Mkuluyo anaweramira pansi, napapasa, napeza chikhomo chofunda ndi manja a mwana. Anapapasanso kumbuyo kwake, pamene anadula, n'kuona ndi zala kuti mzere wapita kolakwika. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Sindinamuone, mwana wanga."

"Ndikudziwa. Ndinadziwa kale."

"Amayi a nyumba yaikulu mwawauza?"

"Ayi."

"Chonde. Ana aja adya chiyani? Ndani angalembe nkhalamba yosaona?"

Make Kadoti ankamva mtima wa mwana ukugunda pachifuwa pake, ndi wake womwe. Ankafuna kuwakalipira, ankafunanso kuwagwira dzanja. Asanasankhe, galimoto inalira pageti.

Amayi a nyumba yaikulu anatsika ndi zikwama zawo, n'kuima. Chilonda cha pakapinga chinkaonekera patali, chakuda, chopingasa.

"A Chingwe! Ichi n'chiyani? Mwayamba kumwa?"

A Chingwe anaimirira, chipewa chili m'manja. Make Kadoti anaona kuti akuyang'ana kumene kwachokera mawu, koma pambali pang'ono. Liwu limodzi lokha likanakwana, ndipo mawa lake pabwalo pakanabwera mnyamata wa maso awiri.

"Ndi mwana wangayu, amayi. Anazula chikhomo n'kuchisuntha. Pepani, ndinamutayirira."

"Ndiye iwo osaona kuti chasuntha?"

"Anali ataweramira pafosholo. Zachitika mwamsanga."

Amayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamuuza kuti pabwalo pano si pa nazale, kuti atsikana a masiku ano amabereka asanaphunzire kulera, kuti zikachitikanso akafune nyumba kwina. Make Kadoti anangoti "Pepani, amayi," maso ali pansi, makutu akutentha. A Chingwe anauzidwa kuti abwezeretse zibuma zonse dzuwa lisanalowe.

Chitseko cha nyumba yaikulu chitatsekedwa, mkuluyo anapumira m'mwamba.

"Mulungu akudalitseni, mayi. Ine ndilibe mawu."

Anatambasula dzanja kufuna fosholo pamene anaisiya. Panalibe. Inali m'manja mwa make Kadoti, mwana ali kumsana.

"Iyi ikukagona kwanga, pamwamba pa kabati. Sizasi ndi tupa zomwe."

"Aa! Nanga ndigwira ndi chiyani?"

"Zibuma mubweza ndi manja. Zitsulozi mudzazitenga mukabwera kuchipatala cha maso. Agogo anga anawachotsa ng'ala, anabwerako akulowetsa okha ulusi pasingano."

"Kuchipatala? Amati amaboola diso ndi mpeni kumeneko!"

"Inuyo mumaboola dothi tsiku lililonse, ladandaulapo?"

"Musaseke, mayi. Ine ndimaopa."

"Inenso ndimaopa, agogo. Usiku sindigona. Ndanama kamodzi chifukwa cha inu, kachiwiri sindingathe. Mukakana, ndikagogoda pakhomo paja ndekha."

Fosholo sanaisiye. A Chingwe anagwada, nayamba kupapasa m'wilibala, kutola zibuma chimodzichimodzi, kuzibwezera m'malo mwake ndi kuzipondereza ndi chikhatho. Sanalankhulenso tsiku limenelo, ngakhale potsanzika.

Mawa lake sanabwere. Make Kadoti anasuzumira pawindo mpaka khosi linawawa. Anaganiza kuti mwina wawathamangitsa yekha ndi pakamwa pake, ndipo adzukulu aja agona ndi njala chifukwa cha iye. Amayi a nyumba yaikulu atafunsa, anangoti mwina akudwala.

Mkuja wake, akumumwetsa mwana tiyi, anamva kugogoda. Pakhomo panali a Chingwe, atavala jekete lalikulu lonunkhira m'sutikesi ndi nsapato zopolisha, ndevu atameta mosiyasiya.

"Kwa abwana ndapempha kale, ndati ndikukaonetsa maso," anatero. "Koma manambala a pazitseko za kumeneko sindingawaone. Mundiperekeza?"

"Dikirani ndimuveke mwana."

"Fulumirani, ndisanasinthe maganizo. Ndipo akakandiboola, mkazi wangayu ndi amene azidzandigwira ndodo."

Make Kadoti anazimitsa moto, n'kuyang'ananso kachiwiri ngati wazimadi, n'kukiya chitseko. Pageti panali kamwala kotumphuka. Anawagwira pachigongono, ndipo iwo sanakane.