Anamwino Osavala Wotchi

Anamwino aakulu a pakiliniki yapangodya savala wotchi. Wodwala akalowa, amayamba amufunsa za ana ndi za tulo, matenda n'kubwera pambuyo. Amakonda kunena kuti, "Matenda ali ndi manyazi, satulukira munthu wapachangu."

Manijala wawo, amene anaphunzira za bizinesi, amadziseka akakumbukira lamulo lake loyamba: wodwala aliyense mphindi zisanu basi, mzere uziyenda ngati wam'sitolo. Tsiku lina chitseko cha anamwinowo chinakhala chotseka theka la ola. Iye anakagogoda mwaukali, chifuwa chili patsogolo.

"Amayi, makasitomala akudikira kuno!"

Chitseko chitatseguka, anaona mayi ake omubereka ali pabedi, akupukuta misozi. Mayiwo anabwera osamuuza, ati mutu ukuwawa. Atacheza ndi anamwinowo mphindi makumi awiri m'pamene anaulula za chotupa cham'bere chimene anachibisa miyezi itatu.

"Bwana," anatero anamwinowo mofatsa, "akasitomala awa ndiwatulutse?"

Manijala, ndi madipuloma ake onse, anabweza chitseko n'kukadikira panja. Chotupacho chinachotsedwa chisanafalikire.

Manijalayo akamaisimba nkhaniyi amati, "Ine ndiye katswiri uja amene anafuna kupirikitsa mayi ake kuti mzere uyende."