Ndinawonjezera Mapiritsi Chifukwa cha Mgonero

Dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera nditapuma kale ntchito ku mgodi. Dokotala ku Gweru anati ndi matenda a mitsempha, nandipatsa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Tinkathandiza ndithu, ngakhale kukamwa kunkauma gwa.

Ine ndine mkulu wa mpingo ku Makwasha, ndipo kwa zaka zambiri ndine ndimanyamula thireyi ya tizikho ta Mgonero. Lamulungu lina tizikho tinagundana mpaka a kumbuyo anamva. Akulu anzanga anati ndipumule. Ndinakana. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kubwera kudziko lino la migodi, anaumba nawo njerwa za tchalitchi chimenecho, ine ndikakhale pabenchi ngati mlendo?

Sabata ya Mgonero wa mu Okutobala ndinayamba kumwa awiriawiri, osauza munthu. Dzanja linakhaladi bata. Koma Lachinayi maso anachita chidima, Baibulo osaliwerenga. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma thukuta osatuluka, thupi kungotentha, mtima kuthamanga. Lachisanu mkodzo unatseka. Loweruka akuti ndinkacheza ndi anzanga a ku mgodi amene tinawaika m'manda kalekale.

Achibale anati mdala wapenga, ena anati ndalodzedwa. Mkazi wanga Nabanda sanamvere zimenezo. Anandikweza kombi, minibasi ya kuno, kupita nane kuchipatala, mapiritsi ali m'chikwama. Namwino ataona kuti kapepala ka mapiritsi a mwezi wonse katsala pang'ono kutha, anati, "Agogo awa sanapenge, awonjeza mankhwala."

Anandiika kapaipi kotulutsa mkodzo ndi diripi. Ndinagona masiku anayi, Mgonero n'kudutsa ndili pabedi. Zinandiwawa kuposa kapaipiko. Dokotala anati mankhwala amenewa amaumitsa thupi, ndipo kwa ife okalamba amatseka mkodzo ndi kusokoneza mutu. Anandisinthira ena, ndipo ndimamwa monga anandiuzira.

Lero ndili bwino, ndimapita kuchipatala kukapimidwa mwezi ndi mwezi. Anzanga, musamawonjezere mankhwala mwa nokha. Kukamwa kukauma kwambiri, maso akachita chidima, mkodzo ukavuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula mapiritsi anu onse.

Dzanja likunjenjemerabe pang'ono. Akulu aja anabweranso ndi nkhani yoti ndipumule, ndipo ndinawayankha kuti thireyi sindisiya. Tizikho timagundana, inde, koma sindinatayepo ngakhale dontho. Amene phokosolo likumusowetsa mtendere atenge kazikho kake msanga, ine ndidutse.