Tsiku Limene a Lenard Anadzutsa Kompyuta ya Felesta

A Lenard Kamwendo anafika ku Perth kuno atagwira mpendero wa diresi ya akazi awo. Ndikutero chifukwa chilolezo chobwerera kuno chinali cha mayi Susan, omwe ndi namwino ku chipatala cha ku Murdoch. A Lenard anangolembedwa m'munsi, pamodzi ndi ana. Ku Lilongwe ankakonza makompyuta mu ofesi ina ya boma, ndipo amati mabwana ankawaimikira galimoto pamsewu. Kuno mapepala awo a sukulu palibe amene anawayang'ana kawiri. Anakathera ku msika waukulu wa ku Canning Vale, kunyamula makatoni a kabichi ndi mapeyala, akulamulidwa ndi anthu osatha n'kutchula komwe dzina la Kamwendo.

Mkwiyo wa sabata yonse ankausungira ife. Loweruka akavala jekete n'kunyamula kachikwama ka masikuludiraiva, sanalinso wonyamula makatoni ayi, anali a Enjiniya. Ndipo ife Amalawi, ndi ulemu wathu wotipwetekawu, timati kupita ku shopu pamene wakwanu alipo n'kunyoza. Munthu akangopita nayo ku shopu kompyuta yake, nkhani inkafika ku tchalitchi mwini wake asanafike.

Mankhwala a a Lenard anali amodzi pa matenda onse: kufomata, ndiko kuti kupukuta zonse zili m'kati n'kuyambiranso. Ku ofesi kwawo kuja zinkayenda, chifukwa chilichonse chofunika chinkakhala pa pepala m'makabati. Sanalowetsepo m'mutu kuti kuno anthu amasunga moyo wawo wonse m'kabokosi kameneka. Ndipo akakhala pansi n'kuvula wotchi, munthu sankaloledwa kulankhula, makamaka wamkazi.

Ine ndinkakhala nyumba imodzi ndi Felesta, tonse tikugwira ntchito yosamalira okalamba. Mayi ake anamwalira ku Kasungu mu Januwale 2021, nthawi imene mliri unalusa kwathu, malire a kuno ali otseka. Felesta anasambitsa agogo a eni ake m'mawa umene mayi ake ankasambitsidwa komaliza. Mlongo wake Dumisani anajambula mwambo wonse pa foni, kuyambira kunyumba mpaka kumanda, n'kumutumizira zidutswazidutswa pa Watsapu. Felesta sanatsegule ngakhale chimodzi. Foni yake itadzaza, anasamutsira zonse mu kompyuta ya pa tebulo. Foni ya Dumisani inabedwa pa depoti mwezi wotsatira. Choncho maliro a mayi aja anatsala malo amodzi okha padziko lonse, ndipo Felesta anawafunditsa kansalu koluka, monga tinkachitira ndi wailesi ndi TV kwathu, kuopa fumbi.

Patatha chaka anati mtima walimba. Koma maliro n'kulirana, munthu sakhala yekha pa zoterezi. Anaitana amayi asanu ndi mmodzi a kutchalitchi kuti abwere Loweruka masana, ndi zitenje zawo, tidzaonere limodzi. Tinachotsa mipando, tinayala mikeka, tinaphika.

M'mawa wa Lowerukalo Felesta anadina batani la kompyuta ija. Kagetsi kanayaka, chokupizira mphepo cha m'kati chinalira, koma pagalasi panali bii. Anazimitsa, anayatsanso. Bii.

"Tiye nayo ku shopu," ndinatero.

"A Susan akubwera masana ano. Akamva kuti tadumpha amuna awo, ndiwayang'ana bwanji?"

Ndinamugonjera, ndipo kugonja kumeneko ndimadana nako mpaka lero.

Felesta atawaimbira foni, a Lenard anati afika naini koloko. Anafika wani koloko, amayi atakhala kale pamikeka, kunja kukuwotcha ngati mu uvuni. Ataona kuti pali anthu owaonerera, chifuwa chinakula. Anatola kansalu koluka kaja ndi zala ziwiri, n'kukaonetsa aliyense.

"Eni ake a bulangete ili ndani? Iwe Felesta, dzuwa la fote digirii ili, ukuifunditsa? Kompyuta imapuma, siimva kuzizira ngati agogo ako a kuntchito. Munthu kukwera ndege koma umbuli kuusiya ayi."

Amayi ena anaseka pang'ono, kuseka kwaulemu. Felesta ndi mayi wa zaka makumi anayi, koma anamutchula kuti iwe, ndipo iye anagwada pafupi ndi tebulo.

"Pepani bambo. Chimene ndikupempha n'chimodzi. M'menemo muli mayi anga."

"Aliyense amatero. Wina muli ukwati wake, wina muli digiri yake. Kodi wandiitana kuti undiphunzitse ntchito?"

"Ayi bambo, koma mavidiyo aja alibe kwina..."

A Lenard anavula wotchi n'kuiika pa tebulo. Mayi Susan anamukoka Felesta chitenje kuti akhale pansi.

Ndisawanamizire, manja ankawadziwa. Anatsegula chivundikiro cham'mbali, anapemerera fumbi limene linatuwitsa jekete yawo, anazula timatabwa tiwiri tobiriwira, n'kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo. Atatibwezeretsa, galasi linawala. Amayi anati eee! Koma kompyutayo inangolemba mawu ochepa, n'kuzima, n'kuyambiranso, n'kuzimanso. Katatu konse.

Ndinaona thukuta pakhosi pawo. Wina aliyense akanati, apa pandikanika, tiyeni tichotse kaye katundu wa mayiyu. Koma pamaso pa amayi asanu ndi atatu, akazi awo ali pomwepo? Pagona tonde padzinunkha. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa fulashi.

"A Lenard, simukufomata eti?" ndinafunsa.

"A Margreth, inu ntchito yanu n'kusintha matewera. Ndikafuna thandizo la matewera ndikuitanani."

Ndinafuna kuwabwezera mawu, koma mayi wina wachikulire anandiponda chala. Pa maliro sakanganirapo, anandinong'oneza. Tinakhala choncho ola lathunthu ndi theka, tikuyang'ana msana wa munthu. Amayi anayamba nyimbo chapansipansi, iwo anatembenuka n'kunena kuti phokoso likuwasokoneza.

Kenaka anaimirira n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Lazaro wadzuka! Ikuthamanga ngati yatsopano. Ndakuikiraninso mafilimu ndi makwaya ambirimbiri, yadzaza mpaka pakamwa, musamangokhala ndi nkhope zachisoni muno. Madzi osamba m'manja ali kuti?"

Felesta anabweretsa beseni ndi jagi, anagwada, anawathirira madzi. Anawapakulira mpunga ndi nkhuku imene tinaphikira olira. Atatero m'pamene anapita pa tebulo paja. Ine ndinali kumbuyo kwake. Anafufuza chikwatu cha mavidiyo aja, chimene anachilemba kuti Amayi. Anafufuzanso. Anatsegula china chilichonse chimene chinkatseguka.

"Bambo, chikwatu chija chili pati?"

A Lenard anali akuswa fupa ndi mano.

"Chiti? Aa, zakale zonse zapita. Ukanakhala wanzeru ukanasunga pawiri. Nanga kompyuta ndi banki?"

"Ndinakuuzani, bambo."

"Unandiuza kuti siikuyaka. Ikuyaka kapena siikuyaka?" Anayang'ana amayi onse kuti awavomereze. "Ndipotu Mkhristu sakakamira za akufa. Mwina ndi Mulungu amene wakuchotsera, kuti uchire."

Mayi Susan anaweramitsa mutu. Wina anati, "Zikomo a Enjiniya, mwagwira ntchito," chifukwa pakamwa pathu panazolowera kuthokoza. Ine ndinatuluka panja, chifukwa ndikanakhalamo jagi ija ikanasweka pamutu pa munthu. A Lenard anamaliza kudya, anapempha kuti otsalawo awakulungire, n'kuvala wotchi yawo.

Lolemba ndinainyamula ndekha kupita nayo ku shopu, ndipo amene akufuna kukanena ku tchalitchi akanene. Mayi wa m'shopumo anaisunga masiku atatu. Anandiuza kuti vuto loyambalo linali laling'ono, ndipo akanatha kutulutsa zonse bwinobwino. Ngakhale a Lenard atafomata, mwina zina zikanapulumuka. Koma mafilimu ndi makwaya aja anakhala pamwamba pa zonse. Anapezamo masekondi anayi okha: mapazi a anthu pa fumbi, popanda mawu.

A Lenard akadali a Enjiniya mpaka lero. Loweruka lililonse amavala jekete, ndipo anthu amawaitanabe. Nkhani ya Felesta amaikamba okha, ngati phunziro la amayi ofunditsa makompyuta.

Felesta sanalire tsiku lija, ngakhale nditabwera kuchokera ku shopu. Lamulungu lake masana anaimbira Dumisani, foni ataiika poti tonse timve.

"Achimwene, mavidiyo aja atayika. Tangondiuzani pakamwa. Amayi anawaveka chiyani? Nkhope yawo inali bwanji? Anaimba nyimbo yanji potsitsa bokosi?"

Dumisani anayankha chapansipansi.

"Achemwali, ine ndimajambula. Maso anga anali pa batire, kuopa kuti lingathe tisanafike kumanda. Sindinaone kanthu, ndipo sindinalire. Ndimati mukadzabwera tidzaonera limodzi."