Kabokosi m'dimba la kabichi

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, mng'ono wanga anabwera kumudzi kwathu, kufupi ndi Kasina, atanyamula kabokosi kotuwa ka mawaya. Mtsikanayu ankaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Anati kabokosiko kazimva chinyontho ndi kuzizira kwa nthaka m'dimba langa, iye azibwera mwezi ndi mwezi kudzatengamo manambala. Popanda manambala a nyengo yonse yozizira, maphunziro ake sakanatha. Ine ndinangoti, "Kumba, dimbali ndi lako lomwe."

Tsoka ilo, kabichi wanga anachita bwino zedi chaka chimenecho, pamene wa mayi oyandikana nane dimba anapsa. Mayiwo anali ataona waya atatulukira pamzere. Basi, nkhani inafika mpaka kuchigayo: akuti ndakwirira mfumba, ndikukoka mbewu za anzanga. Anthu a mphakati wathu anasiya kubwera kudzapemphera pakhomo panga.

Zinandiwawa, ndisaname. Mtima wanga ndi wapachala, ndiye ndinatenga khasu kuti ndikazule kanthuko ndikaponye mumtsinje. Nditafika ndinangoima. Kuzula kunali kupha sukulu ya mwana wa mayi anga. Ndinabwerera kunyumba ndikukalipira nkhuku zosalakwa.

Mng'ono wanga atabwera ndinamuuza zonse. Sanaseke. Anandikoka mpaka kwa mayi aja, n'kugwada.

"Amayi, kabokosi aka sikadziwa mwini dimba," anatero. "Ndili ndi kena. Mungalole ndikakwirire kwanu?"

Mayiwo anandiyang'ana cham'mbali. "Kakakoka za mkulu wakoyu, musadzandinene," anayankha.

"Kokani, tione," ndinatero ine, mng'ono wanga n'kunditsina.

Dzenje lokwirira kabokosiko mayiwo anakumba okha. Kabokosi kawoko ankakalondera kuposa mbuzi zawo.

Mwezi wotsatira mng'ono wanga anabwera ndi kompyuta yonyamula m'chikwama, yobwereka kwa aphunzitsi ake. Anaitsegula m'dimba mommo. Panaoneka mizere iwiri, wanga ndi wawo. Wawo m'mawa uliwonse unkagwa pansi kwambiri, chifukwa dimba lawo linali kumunsi, kufupi ndi madzi, kumene kuzizira kumagona. Mayiwo sankawerenga, koma anatsatira mzerewo ndi chala.

"Kodi ndi chisanu basi?"

"Ndi chisanu basi, amayi. Nazale muzifesa chakumtunda, muziphimba ndi udzu."

Mng'ono wanga anapita ndi manambala a madimba awiri m'malo mwa limodzi, ndipo sukulu anamaliza. Koma ine ndinkadikira kupepesa, ndipo sikunabwere. Ndinkangomeza mkwiyo ndekhandekha.

Kenaka kunagwa maliro m'mudzi wapafupi. Azimayi ankaphika kuseri, ine nditakhala patali ndi miphika, poti woganiziridwa zamankhwala sayandikira chakudya cha anthu. Mayi aja anadzuka, natenga mbale ya mchere, nandiitana onse akumva.

"Inu, mwakhaliranji uko? Bwerani mudzathire mchere m'ndiwomu."

Ndinathira, ndipo anthu anadya.