Phulusa la Glenys m'Chitini cha Tiyi

Ine ndi Clifford Ackroyd taima pamalo amodzi zaka makumi anayi, kuseri kwa golo la kumpoto pabwalo lathu la ragibi. Clifford ankakumba malasha. Mgodi utatsekedwa anayendetsa basi mpaka maso anayamba kumukana. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Pakamwa pa banjalo anali mkazi wake Glenys, yemwe ankachapa mayunifomu a timu, ndipo akayamba kukalipira woyimbira, azimayi ankatseka ana awo makutu.

Glenys anamwalira mu Novembala. Anasiya mawu akuti mtembo wake uwotchedwe, phulusa likawazidwe pabwalopo, monga timachitira ndi ochemerera enieni. Koma anaikapo lamulo.

"Tsiku lopambana, Cliff, wamva?" anatero ali gone m'chipatala. "Kuluza ndakuona kokwanira. Ukakandiwaza titaluza, ndidzakudzukira."

Tsoka lake, bwalolo linali litagulitsidwa kuti amangepo nyumba. Ligi ikayamba timu inkayenera kusamukira kubwalo la kapinga wapulasitiki, komwe phulusa salola. Kunatsala masewero atatu apaubale basi.

Clifford anathira phulusalo m'chitini cha tiyi n'kumabwera nacho m'thumba la chikhoti. Tsiku lotsatira Khirisimasi anatikwapula 40 kwa 6. Ulendo wachiwiri osewera athu ankagwetsa mpira ngati wapakidwa sopo, ndipo tinaluzanso. Mphunzitsi, mlendo wa mano oyera amene sindidzamukhululukira, anauza atolankhani kuti zigoli za mu Januwale palibe amaziwerenga.

Tsiku lomaliza kunagwa mvula yozizira yolowa m'mafupa. Koma taonani, popuma tinali patsogolo 18 kwa 4! Ndinaona Clifford akumasula chivindikiro cha chitini pang'ono.

Pobwerera, mphunzitsi uja anatulutsa akatswiri onse kuti angavulale, n'kulowetsa ongoyesedwa. Ndi mmene amachitira aliyense ligi isanayambe. Ndipo panalibe amene anali atamuuza za chitini, chifukwa amuna akwathu kupempha timakuyesa manyazi.

"Bwezeramo anthuwo, iwe!" anakuwa Clifford, mawu amene ndinali ndisanawamvepo. "Mphindi makumi anayi zokha, chitsiru iwe!"

Anatigoletsa pakona kutatsala mphindi imodzi. Zinathera 22 kwa 18.

Anthu anatuluka akutukwana, ife tinatsala awiri. Mtima unandiwawa kwambiri moti ndinayesa kumunyengerera.

"Ingowaza, Cliff," ndinatero. "Chigawo choyamba tinapambana."

"Glenys ukumudziwa bwino iwe," anayankha. "Afunsa kuti zathera bwanji."

Anamanganso chivindikiro, napukuta chitinicho ndi mpango wake wa timu. "Tiye kwathu, Glen. Wanyowa."

Mathirakitala anafika mu Febuluwale kudzagumula bwalo lakale lija. Ligi itayamba tinapambana masewero asanu ndi awiri motsatizana pa pulasitiki paja, koma Clifford sanapondeko. Amamvera pawailesi kukhitchini, chitini chili pawindo. Tikagoletsa amachepetsa mawu a wailesi kuti Glenys asamve kuti tikupambana iye akadali m'chitini.