Tsiku limene ndinaboola maso a mvuu

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere, matipate atangoyamba kumene. Kwathu kumunsi kwa Benga ana tinachuluka mpaka ena tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde. Ine ndinali sitandade 3, kamtsikana ka makani kosauzika. Chaka chomwecho pasukulu panafika katoni ya mabuku a zithunzi, kaya inachokera kuti, ndipo aphunzitsi athu a Mwale ankatibwereka Lachisanu kuti tibweze Lolemba.

Langa linali la mvuu. Mayi mvuu wonenepa, atamanga duku lofiira, akukakamira kukwera minibasi. Patsamba loyamba walowetsa mutu wokha, matako onse ali panja, nyani kondakitala akukankha ndi phewa. Patsamba lina matayala aphwa, abakha akuthawira pawindo. Mawu ake anali a Chingerezi, ndiye tinkangopeka athu. Koma chimene chinkaseketsa kwenikweni anali maso, aakulu, otong'oka ngati mazira owiritsa. Aliyense m'bukumo ankayang'ana iwe wotsegulawe, ngati akuti taona zandigwerazi.

Mng'ono wanga Amina, wa zaka zisanu, anali atagona sabata yathunthu ndi malungo. Kuchipatala anapita, mapiritsi anamwa, koma thupi linkangotenthabe, phala akulavula. Nditakhala pamkeka wake n'kumutsegulira bukulo, anaseka. Kaseko kouma, kosakanikirana ndi chifuwa, koma kaseko ndithu, mpaka amayi anasiya mpunga pamoto kuthamangira m'nyumba. “Bwezera pa matako paja,” ankatero Amina. Tsiku limenelo anameza masipuni angapo a phala.

Loweruka kunabwera azakhali, achemwali awo a bambo, kuchokera kuboma kudzazonda matenda. Anali munthu wopemphera, wosaphonya swala, wa mawu ochepa. Analiona bukulo pamkeka, nalinyamula ndi zala ziwiri.

“Achimwene, simudziwa kuti malaika salowa m'nyumba muli zithunzi za zamoyo? Mwana akudwala, inu mwatsekereza angelo pakhomo ndi maso onsewa.”

Bambo anali pakhonde kusoka ukonde. “N'zoseketsa ana chabe izi, achemwali,” anayankha, koma motsitsa mawu. Azakhali anati kwawo kalendala ikabwera ndi nkhope za anthu amafufuta maso, chifukwa chopanda maso si chamoyo. Sanandilamule kanthu, ayi. Analibweza pamkeka n'kupita kukasamba m'manja. Koma makutu a mwana satseka.

Mawa lake masana, dzuwa lili paliwombo, akuluakulu onse anali kudambo kuingitsa mbalame mumpunga. Anandisiya kuti ndiyang'anire wodwala. Mudzi unali zii, ngakhale nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe. Ndinakhala pachitseko n'kumayang'ana mchenga woyera wa pabwalo, ndipo m'mutu mwanga ndinkawaona angelo aja ataima padzuwapo, ovala zoyera, akudikira, akulephera kulowa chifukwa cha buku limene ndinabweretsa ine. Kenako kamvuluvulu kanadzuka pafupi ndi chinangwa choyanika, kanazungulira bwalo lonse, n'kudzafera pakhonde penipeni. Mantha anandigwira.

Ndinatenga singano ya amayi pa denga pomwe ankaisomeka. Ndinayamba ndi mvuu, kenako nyani, abakha, dalaivala, mpaka kagalu ka pakona ka tsamba. Pepalalo linali lolimba, diso lililonse likubooka ndi kaphokoso koti thu. Ndinazungulitsa singanoyo kuti pasatsale kakuda kalikonse. Nditakweza tsamba kuti ndione ngati ndamaliza, dzuwa la pakhomo linadutsa m'mabowomo n'kugwera pankhope pa Amina, timadontho towala tiwiritiwiri.

Anadzuka. “Mvuu,” anatero, akutambasula kadzanja.

Ndinamupatsa. Anatembenuza masamba pang'onopang'ono. Abale, buku lomwelo, zithunzi zomwezo, koma popanda maso pakamwa pa mvuu paja sipanalinso poseketsa. Inkaoneka ngati ikukuwa popanda womva. Amina sanalire. Anaika chala pabowo limodzi.

“Wawatani?”

“Ndatsegulira angelo kuti alowe, uchire.”

Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, pachitseko, nthawi yaitali, kenako anafunsa mwakachetechete, “Ndi amene aima apowo?”

Ndinacheuka. Panalibe munthu, dzuwa lokha ndi mchenga. Pobwezanso maso ndinapeza walikankhira bukulo pambali, watembenukira kukhoma.

Lolemba sindinapite kusukulu. Amina anatisiya Lachiwiri m'mawa, ndipo anamuika tsiku lomwelo itatha swala ya masana. Bukulo ndinakabweza patapita sabata ziwiri, ndikudikira chikoti. A Mwale analitsegula, anayang'ana mabowowo, anandiyang'ana ine, n'kulitseka. Bola akanandikwapula.

Patangopita miyezi yochepa, ku madrasa tinaphunzira kuti wochotsa mzimu wa munthu nayenso ndi mngelo. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa mumtima mwanga kuti ndinamutsegulira chitseko ndine, ndi singano ya amayi. Sindinauze munthu. Ndinakula nazo, ndinakwatiwa nazo.

Ndinadzawaululira azakhali atakalamba kwambiri, maso awo atachita khungu, ine ndikuwadzoza mafuta m'miyendo. Analira ngati mwana. “Iwe mwana iwe, wotenga mzimu sagogoda. Zithunzi zikhalepo, zisakhalepo, nthawi ikakwana amalowa. Bwanji sunandifunse zaka zonsezi?”

Masiku ano m'nyumba iliyonse kuno muli nkhope zosawerengeka, m'mafoni, pa makalendala, m'mabuku a ana anga omwe amangomwazika pansi, ndipo ana amaseka nazo popanda woziwerenga maso. Za mngelo uja azakhali anandimasula, sindiziopanso. Chimene sichinachoke n'china. Amina anali atatsala ndi masiku awiri okha padziko, ndi chinthu chimodzi chokha chimene chinkamuseketsa, ndipo ine mkulu wake ndinamulanda.