Bowo pa denga la NyaShaba

Amene anandilakwira ndi a Wyson, eni bizinesi yogulitsa katundu pa intaneti yomwe inali ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa pa Boma ku Mzimba. Malipiro ankandipatsa, pamenepo sindingawanamizire. Chomwe anachita n'chakuti anatenga dzina langa ndi pakamwa panga n'kunamiza nazo mayi wina wa ku Jenda, ine nditagwira foni, ndikumuuza mayiyo kuti amwetulire.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha mkwiyo womwewo umene unandichotsa pasukulu. Ndinalekezera Fomu 2 nditaswera mpando pamsana pa mnzanga amene ankaseka nsapato za malemu bambo anga zomwe ndinkavala. Kuchokera apo ndinkangokhala pa depoti, kuika nyimbo m'mafoni a anthu ndi kukangana za mpira m'magulu a pa foni. Makomenti anga ankatalika ngati ulaliki. A Wyson anali m'gulu limodzi mwa amenewo, ndipo tsiku lina anandiitana.

"Aise, uli ndi pakamwa iwe," anatero. "Bwanji pakamwapo pazikudyetsa?"

Mayi anga atamva sanasangalale kwenikweni. Anangoti, "Wongani, ukakamenyakonso munthu kumeneko, pakhomo pano usadzapondenso."

Tinkagulitsa matumba osalowa mpweya osungira chimanga, mapampu opopera mbewu ndi nyale za sola. Munthu ankaona katundu pa peji yathu, n'kuimba foni, ife n'kutumiza pa minibasi kapena pa kabaza. Mbali yanga inali kulemba nkhani zokopa anthu kuti afike pa pejipo. A Wyson anandiphunzitsa kuti munthu sakonda kuuzidwa kuti gula. "Mupatse kaye nzeru yaulere. Akakhuta, muonetse khomo." Ndiye mutu unkakhala funso loti limulase mlimi, monga lakuti bwanji chimanga chanu chikufumbwa mvula isanayambe. Kenako ndime zitatu zazifupi, chithunzi chimodzi, ndipo kumapeto linki ya peji ndi nambala yathu. Ndikamaliza pa laputopu yakale ya bwanayo, ndinkaponya nkhaniyo m'magulu a alimi, a mipingo ndi a geni, kuyambira pa Boma mpaka ku Jenda.

Nzeruzo sizinali zanga. Loweruka ndinkapalasa njinga kupita ku Manyamula kwa amalume anga, amene kwathu timati asibweni, n'kuwajambula mawu akufotokoza. Ndiwo anandiuza zothira njere ndi mchere wouma m'botolo n'kukhutchumula: mchere ukamatirira m'mbali, chimanga sichinaume, usachimange m'thumba. Nkhani imeneyo inayenda kwambiri. Pansi pake panalembedwa kuti "Wolemba: Wongani wa ku Manyamula", chifukwa a Wyson anali ochokera kuchigawo chapakati ndipo ankati anthu a kuno sakhulupirira mlendo. Ine ndinkangomva kukoma. Munthu amene aphunzitsi ankati sadzapindula kanthu, lero anthu akumuwerenga m'minibasi!

Kenako tinayamba zamphatso. Choyamba chinali kabuku ka pa foni kaulere, kofotokoza zoyenera kuchita m'munda mwezi ndi mwezi. Woufuna ankasiya nambala yake, ndipo nambalazo n'zomwe tinkafuna, kuti tiziwatumizira malonda. Chachikulu chinali mpikisano wa sola yapanyumba: panelo, batire ndi mababu anayi. Lamulo linali losavuta. Sheya nkhani yathu m'magulu asanu, lemba dzina ndi nambala pansi pake. Kutha kwa mwezi ndinkalemba mayina pa timapepala, kupinda, kuthira m'chidebe, n'kutola kamodzi a Wyson akujambula vidiyo.

Opambana awiri oyamba sindinawaone ndi maso. Bwana ankati akapereka okha, ine n'kungolandira chithunzi choti ndiike pa peji. Pa zithunzi zonse ziwiri katoni inali ndi tepi yofiira pakona pomwe inang'ambika. Ndinaona, koma mutu sunagwire.

Mwezi wachitatu dzanja langa linatola dzina la mama NyaShaba, ogulitsa tomato pamsewu ku Jenda. Ndinawaimbira ndekha. Anafuula mpaka foni inachita phokoso. "Ine? Ndapota, mwana wane, usandiseke!" Ndinawalumbirira kuti n'zoona. Ndinatchula ndi dzina la malemu bambo anga.

Anafika Lachisanu m'mawa, mu Januwale, kunja kukuwaza. Anali atavala zakutchalitchi, m'khwapa atapanira chitenje chatsopano chopindidwa bwino choti akulungire panelo. Atangolowa anandigwira manja onse awiri.

"Ndiwe Wongani? Za mchere zija ndinayesa ine. Chimanga chili makora mpaka lero, anankafumbwe kulibe. Yewo chomene."

Anandiuza kuti bandulo yosheyera nkhani zathu ankagula ndi ndalama ya tomato sabata iliyonse, ndipo amayi a kumpingo ankawaseka kuti akudyetsa mphepo. Tsopano onse anali atamva. Dzulo lake mkamwini wawo anakwera padenga n'kuboola lata pamwamba pa chipinda chogona, podutsa waya, kuti sola ikangofika agone m'kuwala tsiku lomwelo.

A Wyson anatulutsa katoni m'chipinda chosungira katundu, n'kundipatsa foni yawo chifukwa inkajambula bwino. Mama NyaShaba anakumbatira katoniyo ngati khanda. Ndinawauza kuti asendere kukhomo kuli kuwala, akweze chibwano, amwetulire. Ndinajambula zinayi. Ndi pa chachinayi pomwe ndinaona tepi yofiira ija, pakona pomwepo.

Bwana anatambasula manja n'kuichotsa katoniyo pachifuwa pawo mwaulemu wonse.

"Mama, iyi ndi yoonetsera chabe. Yanu ikubwera kuchokera ku Lilongwe. Tikuimbirani."

"Liti, bwana?"

"Posachedwapa. Foni yanu izikhala ndi moto."

Ndinawatsatira m'chipinda muja n'kutseka chitseko. Ndinawafunsa za opambana awiri aja. Sanabise, sanachite ndi manyazi omwe.

"Wa pachithunzi choyamba ndi mlamu wanga. Wachiwiri anaimba, anaimba, n'kutopa. Sola ndi imodzi, aise. Tikapereka, mwezi wamawa tidzaika chiyani pachithunzi?"

Panali mpando wachitsulo pafupi, ndipo dzanja langa linaupeza lokha. Ndinkaona bwinobwino pomwe ungatere. Koma mawu a mayi anga anali pomwepo, ndipo kunja kwa chitseko kunali mayi wina amene akanangoona magazi m'malo mwa sola. Ndikanawamenya a Wyson, ine ndikanagona kupolisi, katoni ikanabwerera pa shelefu. Ndikanailanda n'kuthawa nayo, wakuba ndikanakhala ine, mwinanso ndi mama NyaShaba omwe. Ndinausiya mpandowo.

Ndinawaperekeza mama NyaShaba kokwerera minibasi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Titafika anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Iwe ukudziwa, mwana wane. Ibwera?" Ndinayang'ana matope. Anadikira pang'ono, kenako anati, "Mbwenu," ndiko kuti basi. Anatambasula chitenje chatsopano chija n'kudzifunda kumutu chifukwa mvula inali itakula.

Masana omwewo a Wyson anati ndilembe nkhani ya chisangalalo cha wopambana. Ndinakana. Anailemba okha, n'kuika mawu m'kamwa mwa mayiyo akuti nyumba yawo yawala, pansi n'kusaina dzina langa monga mwa nthawi zonse. Ndinayesa kulowa pa peji kuti ndiifufute, ndinapeza pasiwedi yasinthidwa. Ndinalemba zoona zake m'magulu, koma m'magulu ambiri woyang'anira anali iwo, ndipo anandichotsa pasanathe kanthawi. Pomwe uthenga wanga unatsala, wina anayankha kuti ndi nsanje ya wantchito. Wina anati, "Nanga si ndiwe wemwe walemba kuti alandira?" Kukadandaula kwa akuluakulu ndinaganizako, koma ndikanati abedwa chiyani? Mayiyo sanalipire kanthu kwa ife. Chithunzi chinali choona, kumwetulira kunali koona, wojambula ndinali ine. Uku chithunzicho chikungoyenda, anthu akuthokoza, mayina atsopano akudzaza pansi pake.

Lamulungu ndinagula kachitini ka phula n'kukwera minibasi ya ku Jenda. Ndinafunsira pomwe amagulitsa tomato mpaka ndinaipeza nyumbayo. Bedi anali atalikokera kukhoma, ndipo pomwe linali panali beseni lolandira madzi. Bowolo linali laling'ono, lokwana chala. Ndikukwera makwerero, mayi wina woyandikana nawo anafuula kuti, "NyaShaba, wa sola uja wafika?" Iwo anayankha kuti ndi mlendo wawo chabe, n'kupitiriza kundigwirira makwerero. Ndinamata bowolo ndi kachigamba ka lata ndi phula. Potsika anandipatsa tomato m'jumbo. Ndinakana, anandikakamiza, ndinalandira. Palibe katundu amene anandilemerapo ngati jumbo imeneyo.

Kwa a Wyson ndinachoka, koma ntchito yolemba nkhani zamalondayi sindinaisiye mpaka lero. Ndimalemba nkhani za telala wina ndi za mayi wogulitsa mbande, ndipo zamphatso timachita, chifukwa zimakopadi anthu. Koma chomwe ndinatola n'chakuti dzina langa sindiika pa peji yomwe pasiwedi yake ndilibe, ndipo mphatso ndisanailengeze imagona kaye m'nyumba mwanga. Nkhani ya NyaShaba ija ikadalipo pa intaneti, ndi dzina langa pansi pake. Sindingathe kuichotsa.

Nditabwerako ku Jenda kuja, Lolemba lake ndinapita kukabweza laputopu. A Wyson anali akupukuta fumbi pa katoni ija, kukonzekera mpikisano wina. Anandiona manja akuda ndi phula n'kuseka. "Mtima wazizira tsopano? Khala pansi, pali nkhani yoti ilembedwe." Mpando wachitsulo uja unali pomwepo. Ndinaika manja m'matumba, ndinawayang'ana m'maso, n'kuwauza kuti:

"Bwana, sola yanuyo yapambanidwa katatu koma sinaonepo dzuwa. Chomwe chinafika ku Jenda ndi bowo, ndipo ndakamata ndine. Wina akadzaboola denga lake, mudzakwere nokha."